Za thanzi la maganizo m'kalasi: tiphunzitse chiyani, tiyambe ndi chiti?

A Phiri, aphunzitsi a Life Skills:
Moni nonse pa gulu pano. Pa 10 Okutobala ndi tsiku lokumbukira thanzi la maganizo pa dziko lonse, ndipo masukulu angapo kuno ku Mchinji akufuna kuchitapo kanthu temu ino. Koma tisachite zija za tsiku limodzi, mlendo kulankhula pa asembule, ana kuvina, kenako aliyense kwawo. Funso langa nali: mphunzitsi atapatsidwa mapiriyodi 6 a mphindi 40, kalasi ya ana 80, mabuku palibe, aphunzitse chiyani ndipo ayambe ndi chiti? Ndikunena za Sitandade 7 ndi 8 komanso Fomu 1 mpaka 4. Anamwino ndi adokotala muli muno, tiuzeni.

Nabanda, namwino wa matenda a maganizo:
Zikomo aphunzitsi. Phunziro loyambalo liyambe ladikira. Choyamba ndi pepala limodzi loyankha funso ili: mwana akabwera n'kunena kuti "zimene mumanena zija ndi ine", apita kwa ndani? Chifukwa abwera ndithu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Pa ana 80 werengani nokha. Kuphunzitsa musanakonze kopita anawo kuli ngati kufesa nazale ya fodya kumene kulibe madzi. Mwana amene waulula n'kuona kuti palibe chachitika saululanso, ndipo amauza anzake kuti asadzivute.

Papepalapo pakhale aphunzitsi awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ovomera okha osati ongolozedwa chala pa msonkhano. Malo ndi nthawi imene amapezeka. Dzina ndi foni ya munthu weniweni pa chipatala chaching'ono chapafupi. Tsiku limene a za maganizo amaona odwala ku chipatala chachikulu cha pa Boma, ndi ngati amayendera dera lanu. Woteteza ana wa ku Social Welfare. Victim Support Unit ya polisi. Ndi 116, nambala yaulere yothandiza ana. Nambala iliyonse muiyimbe kaye musanailembe. Pepala lina limatidwe mu staff room, lina m'kalasi iliyonse koma lopanda manambala a mafoni a anthu.

A Zulu, ahedi:
Muwonjezerepo ndalama ya transipoti. Kuchokera ku Mkanda kapena ku Kapiri kukafika pa Boma si ulendo woti mphunzitsi azitulutsa m'thumba mwake. PTA ivomerezeretu kandalama ka kabaza ndi minibasi ka anthu awiri, mwana ndi womuperekeza, kasungidwe mu envelopu kwa ahedi. Zikayamba kukambidwa tsiku la ngozi, dzuwa limalowa mukudikira siginecha ya tcheyamani.

Ndiye za malo. Akhale poonekera koma posamveka. Pansi pa mtengo patali pang'ono ndi makalasi ndi pabwino kuposa ofesi yotseka. Mphunzitsi wamwamuna ndi mtsikana awiriwiri chitseko chotseka, ayi, ngakhale cholinga chikhale choyera bwanji.

A Phiri:
Zamveka. Nanga pepalalo likakonzeka, piriyodi yoyamba?

A Mbewe, kiliniko ofesa:
Piriyodi yoyamba ndi yachiwiri zithere pa chinthu chimodzi: kusiyanitsa kuvutika kumene aliyense amakumana nako ndi matenda. Jambulani masitepe anayi pa bolodi. Pansi, munthu ali bwinobwino. Lachiwiri, kupanikizika kwa tsiku ndi tsiku: mawa kuli mayeso, wakangana ndi mnzake, wakanidwa chibwenzi. Izi zimatha zokha ndipo ndi zimene zimaphunzitsa munthu kulimba. Lachitatu, vuto lalikulu la pa moyo monga maliro, makolo kusiyana, kusowa ndalama za sukulu. Apa pamafunika achibale, anzake, a mpingo, aphungu, ndipo zimatenga nthawi. Pamwamba ndi matenda enieni, ofunika a chipatala.

Chimene chimalakwika n'chakuti mphunzitsi amathamangira kulemba mndandanda wa zizindikiro, kusagona, kutopa, kusowa chilakolako cha chakudya, ndiye ana onse amatuluka akuti ali ndi depression, matenda a kukhumudwa. Nanga mwana wa CDSS amene wayenda makilomita 7 osadya alephera bwanji kutopa? Apatseni miyeso iwiri. Woyamba ndi nthawi: kukhumudwa kapena kusasangalala ndi zimene ankakonda, pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kuposa. Wachiwiri ndi ntchito: kodi zamulepheretsa kuphunzira, kusamba, kucheza, kugwira ntchito za pakhomo? Miyeso iwiriyi ikakumana, akaonedwe. Kupatula maganizo odzipha, amenewo sadikira masabata awiri.

A Zulu:
Masitepe amenewa si achilendo kuno. Amene munalipo mukukumbukira pulogalamu ya pa wailesi ya Nkhawa Njee ya a Farm Radio. Mchinji inali m'gulu limodzi ndi Lilongwe ndi Salima, ndipo aphunzitsi ena anaphunzitsidwa ndi buku lochokera ku Canada lomwe analikonza kuti ligwirizane ndi kuno. Musanayambe kulemba zatsopano, fufuzani m'makabati ndi kwa aphunzitsi akale, mwina likadalipo.

Najere, matron:
Ine funso langa ndi la kalasi ya 80 ija. Mukangoti "ndani anayamba wamvapo chonchi", manja sakwera, koma maso onse amatembenukira kwa mwana mmodzi. Pofika madzulo ku hostel ali ndi dzina latsopano.

Nabanda:
Funso limenelo lisafunsidwe n'komwe, amayi. Gwiritsani ntchito nkhani zopeka zolembedwa pa timapepala, dzina lake losapezeka m'kalasimo. Mwachitsanzo, kapepala kena kati: "Mtsikana wa Fomu 3, mayi ake anamwalira mwezi watha. Amalira usiku, koma m'kalasi amabwera, netiboli akusewerabe, ndipo amacheza ndi azakhali ake." Kena kati: "Mnyamata wa Fomu 2, palibe chodziwika chimene chachitika, koma kwa mwezi wathunthu tulo sakupeza, mpira wasiya, nsima amangoitsina, makisi atsika, ndipo akumati ine ndine wachabechabe." Gulu lililonse liyankhe zitatu: ali pa sitepe iti, mnzake angamuuze mawu ati, ndipo apite kwa ndani. Ana ambiri amaika mtsikanayo pamwamba chifukwa akulira ndipo pali maliro, mnyamatayo n'kumuti ndi ulesi. Phunziro lenileni lili pa kuwongola pamenepo.

Mphindi 40 zigawidwe chonchi: 5 za malamulo, 10 mphunzitsi kufotokoza, 15 m'magulu a ana 8, 7 magulu atatu okha kufotokoza zimene apeza, 3 zomaliza kuloza pepala lija la kopita. Magulu onse 10 akati alankhule, belu lilira musanafike pa mphindi 3 zofunikazo. Malamulo ake ndi atatu basi: sititchula dzina la munthu, sitiseka yankho la mnzathu, ndipo amene zamulemera akhoza kutuluka osafunsidwa chifukwa. Koma pakhale mphunzitsi wachiwiri panja womulandira. Ndipo phunziroli lisakhale piriyodi yomaliza Lachisanu.

A Phiri:
Bwanji bokosi la mafunso opanda mayina? Pa nkhani za kutha msinkhu limathandiza kwambiri.

Nabanda:
Limathandiza, koma pa nkhani iyi lili ndi msampha. Mutsegula patapita masiku anayi n'kupeza kapepala kakuti "ndatopa nawo moyo", kopanda dzina. Mutani? Ndiye ngati mukuliika, litsegulidwe tsiku lomwelo ana asanaweruke, ndi aphunzitsi awiri. Mwana aliyense alandire kapepala kofanana ndipo aliyense aponye, ngakhale kopanda kanthu, kuti woponya asadziwike. Muwauziretu kuti amene akufuna timupeze alembe dzina kapena nambala yake ya m'kaundula kuseri. Sukulu imene singathe kutsegula tsiku ndi tsiku isaike bokosi.

A Zulu:
Nanga kapepala kotero kakapezeka kopanda dzina? Ine ndingatenge makope n'kuyerekeza zolemba. Moyo ndi waukulu kuposa chinsinsi cha bokosi.

Nabanda:
Pamenepo sindikutsutsani ahedi, bola zichitike mwakachetechete ndi aphunzitsi awiri aja, osati kuimitsa kalasi kuti aliyense alembe chiganizo pa bolodi. Ndipo nthawi yomweyo mubwerere m'kalasi n'kunena kwa onse kuti, "Pali wina walemba kuti zamulemera. Tawerenga, sitinakwiye, ndipo sali pa mlandu. Tili pansi pa mtengo paja mpaka 4 koloko." Kawirikawiri mwiniwake kapena mnzake amabwera.

Abusa Tembo:
Ndiloleni ndifunse zimene makolo adzafunse. Kukamba za kudzipha kwa ana si kuwapatsa nzeru zoipa?

A Mbewe:
Abusa, pali zinthu ziwiri zosiyana. Kufunsa mwana mmodzi amene mukumudera nkhawa ngati akuganiza zodzipha sikumuika ganizolo m'mutu. Izi zinafufuzidwa kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri mwana amapepukidwa kuti wina waona. Chimene chimavulaza ndi kufotokoza njira, kuonetsa zithunzi, kapena sewero la pa asembule lothera poti mtsikana wadzipha ndipo onse omulakwira akulira pa maliro. Kwa mwana amene ali pa mphepete, sewero limenelo limamuuza kuti imfa ndi njira yoti anthu amumve. Ma drama club auzidwe: nkhani ithere pa munthu amene wapeza thandizo, ndipo njira isaonetsedwe kapena kutchulidwa.

M'kalasi, nkhaniyi ibwere piriyodi yachisanu, ana atazolowera kale, ndipo ikhale yoti "mnzako akanena zotere, utani". Yankho lake: umumvere, usamuseke kapena kumulalikira, usalonjeze kusunga chinsinsi, ndipo uuze wamkulu lero lomwe ngakhale akukwiyire. Ku pulayimale ingonenani kuti mnzako akanena zofuna kudzivulaza kapena kufa, uza aphunzitsi, basi.

Nabanda:
Ndiwonjezere mafunsidwe ake, chifukwa aphunzitsi ambiri amazungulira. "Sukuganiza zopusa eti?" si funso, ndi kumutseka pakamwa. Khalani pansi mofanana naye, foni m'thumba, n'kunena kuti: "Ndaona kuti masiku ano wasintha, ndipo wanena kuti watopa nawo moyo. Anthu ena zikawalemera chonchi amaganiza zodzipha. Kodi iwenso zikumakufikira?" Kenako khalani chete. Chete ameneyo amatalika, musamudzaze ndi malangizo. Akavomera, funsani ngati waganiza kale mmene angachitire, ngati chinthucho ali nacho pafupi, ndi ngati anayesapo kale. Akati inde pa chimodzi mwa izi, asatsale yekha ngakhale popita kuchimbudzi, chinthucho chichotsedwe, womusamalira adziwe, ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo. Osamulemberetsa kalata yolonjeza kuti sadzachita. Kalata imeneyo imatonthoza mphunzitsi, mwana simuteteza.

A Mbewe:
Ndipo popeza kuno ndi kwa alimi, tinene poyera. WHO imati pa anthu 5 aliwonse odzipha pa dziko lonse, pafupifupi mmodzi amamwa mankhwala a mbewu. Kwa achinyamata ganizo limabwera mwadzidzidzi, pambuyo pa kukalipiridwa kapena kuchititsidwa manyazi, ndipo limatha kudutsa m'maola ochepa. Ngati chinthu choopsa chili chokiyidwa nthawi imeneyo, ambiri amapulumuka. Choncho stoo ya Agriculture ndi labu pa sukulu zikhale ndi loko, kiyi kwa munthu mmodzi. Makolo auzidwe pa msonkhano kuti mankhwala a m'munda, a m'nkhokwe ndi a makoswe asakhale pa windo kapena kunsi kwa bedi. Uthenga umenewu ndi wa makolo, osati wa m'kalasi.

Mwana akamwa kale: osamupatsa mkaka, mafuta kapena madzi a mchere, osamusanzitsa. Kusanza kumalowetsa mankhwala m'mapapo. Mugonekeni chammbali, vulani zovala ngati zathirikira, tengani botolo kapena paketi yake, thamangani kuchipatala chapafupi ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

A Mwale, a Social Welfare:
Pa mawu akuti "womusamalira adziwe" ndiimepo pang'ono. Funsani kaye mwanayo kuti kunyumba ndani amene amamukhulupirira. Nthawi zina gwero la vuto ndi bambo womupeza, amalume, kapena amene akumulipirira sukulu. Mukaimbira ameneyo mwamubwezera m'manja mwake, ndipo umboni watha. Akaulula za kugwiriridwa kapena nkhanza, njira ndi Social Welfare, Victim Support Unit ndi chipatala. Mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye si nkhani yodikira Lolemba kapena yokakambirana kwa amfumu. Aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana pa malamulo athu, ndipo lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 lilipo pa zimenezi.

Mphunzitsi si wapolisi. Asafunse mafunso ambirimbiri kapena kumubwerezetsa nkhani kwa ahedi, kwa adepute, kenako kwa a Mother Group. Alembe tsiku, nthawi, ndi mawu enieni a mwanayo mmene wawanenera, asaine, asunge pokiyidwa. Ndipo chinsinsi chikhale ndi malire onenedweratu mwana asanayambe kulankhula: "Zimene undiuze sizikafika ku staff room. Koma ndikaona kuti moyo wako uli pa ngozi kapena wina akukuvulaza, ndiuza munthu amene angathandize, ndipo ndiyamba ndakuuza iweyo kuti ndi ndani."

Najere:
Staff room imeneyo ndiye pamene zambiri zimaonongekera. Nkhani ikafika pa tiyi, mawa mphunzitsi wina aitchula m'kalasi ngati nthabwala.

Ndinene zimene zimaoneka ku hostel, poti mwana wathu sabwera n'kunena kuti ndakhumudwa. Amabwera ndi mutu, m'mimba, mtima kuthamanga, kapena akuti thupi lonse likuphwanya. Akayezedwa malungo, palibe. Sabata yamawa wabweranso. Ena ndi amene amatsalira pa bedi nthawi ya dining, asiya kuchapa yunifomu, kapena ayamba kugawa katundu wawo kwa anzawo pakati pa temu. Anyamata kawirikawiri salira, amapsa mtima, kumenyana, kujomba. Ndiye amathera ku discipline n'kupatsidwa dzenje loti akumbe, osafunsidwa kuti chasintha n'chiyani.

A Mbewe:
Zoona amayi, koma dongosolo lake likhale lakuti thupi liyambe layezedwa. Kuchepa magazi, njala ya Januwale ndi Febuluwale, mimba, maso osaona bwino pa bolodi, zonsezi zimafanana ndi kukhumudwa. Akabwera kachitatu zoyeza zili bwino, osamuuza kuti ukunama. Mutu ukumuwawadi. Mufunseni kuti, "Mutuwu umayamba nthawi yanji, ndipo ukamayamba umakhala ukuganiza chiyani?" Ana amene akumwa ma ARV muwayang'anire mwapadera, makamaka ku sukulu zogonera kumene amabisa botolo kuopa anzawo. Akalumikizidwe ku Teen Club ya chipatala chawo, gulu la achinyamata amene ali ndi HIV.

Abusa Tembo:
Nanga makolo akati mwana walodzedwa kapena ndi ziwanda? Pa mudzi yankho loyamba ndi limenelo, ndipo mphunzitsi akawaseka sabweranso pa sukulu.

Nabanda:
Osawaseka, osalimbana nawo pa za chikhulupiriro, simupambana. Auzeni kuti pempherani, koma tipitenso kuchipatala lero. Pali zinayi zokha zosakambirana: mwana asamangidwe kapena kumenyedwa, asasalitsidwe chakudya, asasiyitsidwe mankhwala, ndipo asachedwetsedwe. Abusa, inu ndi amene mungathandize kwambiri pamenepa, chifukwa kholo likamva kwa inu kuti chipatala si kusowa chikhulupiriro, limapita.

Kuchedwa n'koopsa pa chifukwa ichi. Mwana amene wasokonezeka mwadzidzidzi, akubwebweta, thupi latentha kapena khosi lauma, akhoza kukhala ndi malungo a mu ubongo kapena meninjaitisi, ndipo amenewo amapha m'maola. Amene wasintha pang'onopang'ono kwa masabata, akumva mawu amene ena sakumva, akukayikira kuti anzake akumuthira mankhwala m'chakudya, sakugona koma satopa, ameneyonso ndi wa kuchipatala, ndipo akathandizidwa msanga ambiri amabwerera m'kalasi. Si onse amapita ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God. Ambiri amathandizidwa konkuno pa Boma.

A Zulu:
Anthu angoti ndi chamba basi.

A Mbewe:
Chamba chimatha kuyambitsa kapena kukulitsa matendawa, makamaka kwa amene ayamba ali aang'ono ndipo akusuta pafupipafupi. Koma si aliyense wodwala anasutapo, ndipo wosutayo ndi wodwalabe, ofunika chithandizo. Pophunzitsa za chamba ndi mowa musakokomeze kuti ukangosuta kamodzi wapenga. Ana akudziwa anthu osuta amene akuyenda bwinobwino pa trading centre, ndiye akakugwirani bodza limodzi, zonse zimene mwanena zagwa. Auzeni zoona: ubongo umakulabe mpaka zaka za m'ma 20, chamba chimafooketsa kukumbukira zimene wawerenga, ndipo palibe amene amadziwiratu ngati iye ndi amene chidzamusokoneze. Kubetcha pa foni kulowenso mu phunziro lomweli. Mwana amene wadya ndalama ya mayeso pa kubetcha ali pa ngozi yaikulu sabata imene makolo atulukire.

Najere:
Khunyu muiikenso penapake, ngakhale si matenda a maganizo. Ana amathawa mnzawo akagwa poopa malovu.

A Mbewe:
Mphindi 10 zikwana, ndipo achite kuyeserera. Sipatsirana. Chotsani madesiki ndi moto pafupi, ikani juzi pansi pa mutu, osamugwira mwamphamvu, osaika supuni kapena chala m'kamwa, kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Wina ayang'ane wotchi. Kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, kuchipatala.

Pali kugwa kwina kwa gulu, kumene atsikana angapo amakomoka kapena kukuwa motsatizana, makamaka mayeso akayandikira. Yambani mwaona ngati si chakudya choonongeka, malungo, kapena utsi wa mbaula m'chipinda chotseka. Ngati si zimenezo, alekanitseni, aliyense chipinda chake ndi munthu mmodzi wodekha, balalitsani oonerera, mafoni asajambule. Kumafalikira ndi maso ndi makutu, ndiye kusonkhanitsa sukulu yonse pamalo amodzi n'kumafuula kumangowonjezera ogwa. Sakunamizira, ndipo chilango sichithetsa.

A Phiri:
Ndiye ndikaika pamodzi: 1 ndi 2 masitepe ndi timapepala, 3 kupanikizika ndi njira zodzithandizira, 4 chamba, mowa, kubetcha ndi khunyu, 5 kuthandiza mnzako, 6 kubwereza ndi kuitana anamwino kuti ana awaone nkhope. Piriyodi 3 ndiye sinakambidwe.

Nabanda:
Imeneyo isinthe malinga ndi kalasi. Sitandade 7 ndi 8, m'Chichewa, kutchula zimene akumva ndi pamene thupi limazimvera, ndi kulemba akuluakulu atatu amene angawauze vuto. Amene walephera kupeza ngakhale mmodzi, mphunzitsi amuzindikire mwakachetechete. Fomu 1 ndi kusowa kwawo, kuzunzidwa ndi akuluakulu a Fomu 3 ndi 4, ndi moyo wa self-boarding, mwana wa zaka 14 kudziphikira yekha m'kachipinda ka lendi ufa utatha. Fomu 2 ndi 4 ndi mayeso a JCE ndi MSCE.

Kwa a mayesowa nenani za tulo mosabisa. Wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10. Zoviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti awerenge mpaka 3 koloko zimabweza m'mbuyo, chifukwa zimene wawerenga zimakhazikika m'mutu akagona.

Aphunzitseni kupuma: dzanja pa mimba, kukoka mpweya ndi mphuno powerenga mpaka 4, kutulutsa ndi pakamwa pang'onopang'ono mpaka 6, maulendo 10. Kutulutsa kutalike kuposa kukoka, chinsinsi chake n'chimenecho. Akamakoka mwamphamvu ndi mofulumira amachita chizungulire n'kuyamba kuopa. Tsiku loyamba aseka, asiyeni aseke. Osakakamiza kutsinzina, ana ena amene anachitidwapo nkhanza samasuka kutseka maso pa gulu. Muzichita mphindi 2 poyamba pa piriyodi iliyonse, kuti pofika m'chipinda cha mayeso thupi likhale litazolowera.

Kenako njira yothetsera vuto, yofanana ndi imene amagwiritsa ntchito a Friendship Bench, pulogalamu ya uphungu imene inayambira ku Zimbabwe. Lemba mavuto onse, sankha limodzi limene ungaligwire, lemba njira zonse ngakhale zooneka zopusa, sankha imodzi, nena tsiku ndi nthawi imene uchite, sabata yamawa tione zayenda bwanji. Ana amalakwitsa posankha vuto lalikulu ngati "umphawi". Athandizeni kulichepetsa mpaka lifike pa "ndilibe nyali yowerengera", pamenepo njira zimapezeka.

A Zulu:
Ena amabwera ndi mafomu a mafunso kuti kalasi yonse iyankhe tidziwe odwala. Tizilola?

A Mbewe:
Ayi, pokhapokha abwere ndi anthu oti aone mwana aliyense amene fomu yamuloza, sabata yomweyo. Mafomu ngati PHQ-9 ndi a kuchipatala, ndipo ngakhale kumeneko sapereka chigamulo okha. Mphunzitsi ntchito yake ndi kuona kusintha, kufunsa, kumvera ndi kuperekeza. Dzina la matenda asatchule, pa lipoti kapena kwa makolo.

Ngati mukufuna kudziwa ngati phunziro lalowa, lembani mafunso 10 a zoona kapena zabodza, opanda mayina, ayankhe musanayambe ndi pomaliza. Monga "khunyu imapatsirana", "wodwala maganizo sachira", "kufunsa mnzako za kudzipha kumamupangitsa kudzipha".

A Mwale:
Za ma peer educator, ana ophunzitsa anzawo, musamale nazo. Ndi abwino potsogolera kalabu ndi kuperekeza mnzawo kwa aphunzitsi. Koma mwana wa Fomu 3 asasenzetsedwe zinsinsi za kugwiriridwa ndi kudzipha. Azikumana ndi patron sabata iliyonse, ndipo asasankhidwe ma prefect okhaokha, poti amene amakulemba dzina ukachedwa sungakamuuze za kumtima.

Najere:
Chatsala chimodzi. Mwana wapita kuchipatala, wabwerera ndi mankhwala. Timulandira bwanji?

Nabanda:
Asanalowe m'kalasi, mukhale naye pansi ndi womusamalira, mugwirizane zimene anzake auzidwe. "Anadwala, wachira, wabwera" n'zokwanira, ndipo asankhe yekha ngati akufuna kuwonjezera. Sabata yoyamba asapatsidwe manotsi a mwezi wathunthu kuti akopere usiku umodzi. Mphunzitsi aliyense asankhe mitu iwiri yofunikitsitsa. Tsiku lobwerera kuchipatala lilembedwe mu dayale ya ahedi ndipo lisawerengedwe ngati kujomba.

Mankhwala asungidwe kwa matron kapena kwa kholo, mwana azilandira a tsiku limenelo, osati botolo lonse m'chikwama. Ena, monga chlorpromazine ndi phenobarbitone, amagonetsa, choncho wosinza m'kalasi asadzutsidwe ndi chikwapu. Lembani nthawi imene amasinza mukauze achipatala, akhoza kusintha mlingo kapena nthawi yomwera. Haloperidol nthawi zina amaumitsa khosi, lilime kapena kutembenuza maso. Zimaopsa kuona koma zili ndi mankhwala ake, mupite naye tsiku lomwelo m'malo mongomusiyitsa.

A Mbewe:
Pa kukhumudwa, kwa achinyamata timayamba ndi uphungu ndi kukonza zimene zikumupsinja, mankhwala amabwera pambuyo. Akapatsidwa fluoxetine, kusintha kumaoneka pakadutsa masabata angapo, osati masiku atatu, ndiye makolo asataye mtima n'kusiya. Masabata oyambawo ndi amene muyenera kumuyang'anitsitsa: akayamba kusakhazikika, kusagona kapena kulankhula za imfa, abwerere msanga osadikira tsiku limene analemberedwa. Ndipo akayamba kupeza bwino apitirize kumwa mpaka achipatala anene, chifukwa ambiri amasiyira pa holide, temu yotsatira n'kudwalanso.

A Zulu:
Holideyo ndiye tiikepo munthu. Sukulu ikamatseka, mwana wotere apite ndi mankhwala okwanira mpaka tsiku lake la kuchipatala, ndi kalata yaifupi yopita kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo, makolo atavomera. A Phiri, lembani mapiriyodi 6 aja muwaponye pano Lachitatu, anamwino awaone tisanapite nawo kwa a PTA. Timapepala ta nkhani tikhale 10, theka anyamata theka atsikana.